Funso la Mowa kwa Wodwala Amene Sangathe Kuyankha

Namwino aliyense amene wagwirapo ntchito ya usiku mu wodi ya abambo amaudziwa usiku wachitatu. Munthu anabwera Loweruka atathyoka mwendo pangozi ya njinga yamoto, kapena anabwera ndi chibayo, ndipo masiku awiri oyamba zonse zinkaoneka kuti zikuyenda. Kenako Lolemba kapena Lachiwiri usiku zinthu zatembenuka. Thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera, mtima ukuthamanga, wazula diripi ndipo akukuwa kuti pakhoma pali njoka. Ayeza malungo, palibe. Ayeza shuga, ali bwinobwino. Ena ayamba kuganizira matenda oumitsa khosi, ndipo sakulakwa kutero. Kutacha m'pamene mayi wodwazika matenda amayandikira n'kunena motsitsa mawu: "Koma anesi, bambowa tsiku silipita osalawa."

Mawu amenewa akanamveka Loweruka, wodwalayo akanayamba kulandira mankhwala zinthu zisanafike pamenepa. Ndiye n'chifukwa chiyani funso losavuta chonchi limachedwa? Kudzudzula namwino amene analandira wodwalayo n'kosavuta, koma vutoli ndi lakale kuposa iye. Madokotala anatha zaka pafupifupi 140 akukangana ngati kusiya mowa mwadzidzidzi kumadwalitsadi munthu. Atagwirizana, anakonza mafunso abwino ofufuzira kamwedwe ka anthu, koma pafupifupi onsewo anawakonzera munthu amene wakhala pampando, mutu ukugwira, woti angathe kudziyankhira. Wodwala mwakayakaya, amene mowa umamuika pachiopsezo chachikulu kuposa wina aliyense, ndiye anatsala.

Nkhaniyi tiiyambire m'chaka cha 1813, pamene dokotala wa ku England, Thomas Sutton, anasindikiza kabuku kofotokoza matenda amene anawatcha delirium tremens, mawu a Chilatini otanthauza kubwebweta kotsagana ndi kunjenjemera. Masiku amenewo wodwala wotentha thupi ndi wosokonezeka mutu ankatengedwa kuti ubongo wake watupa, ndipo chithandizo chake chinali kumucheka mtsempha kuti magazi atuluke. Sutton anaona kuti pali gulu lina la odwala, ambiri mwa iwo okonda mowa, amene akawachotsa magazi ankangoipiraipira, koma akawapatsa opium n'kugona tulo ankadzuka ali bwino. Matendawa anawasiyanitsa ndi ena. Gwero lake ndi limene linatsala mkangano.

Mkanganowo sunali wa anthu opusa. Gulu lina linkati chimene chadwalitsa munthu ndi poizoni wa mowa umene waunjikana m'thupi. Akauzidwa kuti wodwalayo anasiya kumwa masiku atatu asanayambe kubwebweta, ankayankha kuti anasiya chifukwa matenda anali atayamba kale, monga mmene wodwala malungo amakanira nsima. Gulu lina linkati ayi, kusiyako ndiye gwero. Mavitamini atadziwika panabweranso ganizo lachitatu, lakuti vuto ndi kusadya mokwanira, popeza womwa kwambiri amaiwala mbale. Magnus Huss wa ku Sweden anali atayambitsa kale mawu oti alcoholism m'chaka cha 1849, koma dzina silithetsa mlandu. Pa nthawi yonseyi anthu ankafa. M'zipatala zina zikuluzikulu za ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, wodwala mmodzi mwa atatu aliwonse amene anafika pa delirium tremens sankatuluka wamoyo.

M'chaka cha 1953 Maurice Victor ndi Raymond Adams, akatswiri a matenda a ubongo ku Boston City Hospital, analemba zimene anaona pa odwala 266 amene anagonekedwa chifukwa cha mavuto a mowa. Anapeza kuti zizindikiro zimabwera motsatana, ndipo zimawerengeka kuchokera pa chikho chomaliza: kunjenjemera kumayamba patsiku loyamba, kugwa ngati wakhunyu m'kati mwa masiku awiri, kubwebweta patsiku lachitatu kapena lachinayi. Koma umboni umene unatseka pakamwa otsutsa unachokera ku Lexington, m'chigawo cha Kentucky, m'chaka cha 1955. Harris Isbell ndi anzake anatenga amuna khumi amene ankasungidwa pachipatala cha boma chomwe chinalinso ndende ya anthu ogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo. Anawamwetsa mowa wambiri tsiku ndi tsiku, pamodzi ndi chakudya chokwanira ndi mavitamini, kuti pasadzapezeke wonena kuti vuto linali njala. Anayi analekera panjira. Asanu ndi mmodzi anamwa kwa masiku 48 mpaka 87. Mowa utadulidwa mwadzidzidzi onsewo anadwala. Awiri anagwa ngati akhunyu, ena anayamba kuona ndi kumva zinthu zomwe kulibe.

Komiti iliyonse yoteteza anthu otenga nawo mbali pa kafukufuku ikanaukana ntchito woterewu lero, ndipo ikanachita bwino, chifukwa "kudzipereka" kwa mkaidi si kudzipereka kwenikweni. Komabe maola amene timaphunzitsa ana asukulu lero anatsimikizidwa pa matupi a amuna amenewo, ndipo ndi bwino kuti owerenga azidziwa kumene anachokera.

Chimene chimachitika m'mutu chili chonchi. Mowa umatontholetsa ubongo. Ukamafika tsiku ndi tsiku kwa miyezi kapena zaka, ubongo umawonjezera mphamvu zake kuti uzigwirabe ntchito mowawo uli momwemo. Zili ngati munthu amene akukankha chitseko chomwe mnzake wachitsekereza m'kati: wam'katiyo akangochoka, wokankhayo amagwera m'nyumba chamutu. Mfundo yaikulu kwa ife ogwira ntchito za umoyo ndi yakuti amene amachotsa wotsekereza chitsekoyo, nthawi zambiri ndi chipatala. Munthu amene kwawo sakanasiya kumwa ngakhale tsiku limodzi amasiya pa ola limene wagonekedwa, popanda iye kusankha, popandanso wina kudziwa.

Mankhwala ake anatsimikizika m'chaka cha 1969. Samuel Kaim ndi anzake anayerekeza mankhwala anayi pa odwala 537 m'zipatala za asilikali opuma pantchito ku America. Mwa amene analandira chlordiazepoxide, mankhwala a m'banja limodzi ndi diazepam, mmodzi yekha mwa 100 aliwonse ndi amene anagwa ngati wakhunyu. Mwa amene analandira mapiritsi opanda mankhwala anali 7. Mwa amene analandira chlorpromazine, amene ambiri amawadziwa ndi dzina loti Largactil, anali 12. Ziwerengero zimenezi n'zofunika kuzikumbukira usiku wachitatu uja, chifukwa wodwala akamalimbana ndi anthu dzanja limathamangira ku Largactil, pomwe ngati gwero ndi mowa mankhwala amenewo paokha akhoza kuonjezera ngozi. Pofika 1969 tsono, zonse zinali m'manja: gwero likudziwika, maola akudziwika, mankhwala otchipa alipo. Chotsala chinali kudziwa woti apatsidwe ndani.

Apa ndi pamene mbiri ya mafunso ikuyambira. Melvin Selzer wa ku Michigan anatulutsa mafunso 25 otchedwa MAST m'chaka cha 1971. Anali abwino kwa ofufuza, koma dokotala amene pakhomo pake pali mzere sangafunse mafunso 25. John Ewing wa ku yunivesite ya North Carolina anali atayamba kale, m'chaka cha 1968, kufufuza mafunso ochepetsetsa amene angagwire ntchito yomweyo, ndipo anatsala ndi anayi okha. Kodi munayamba mwaganizapo zochepetsa kumwa? Kodi anthu amakukwiyitsani akamadzudzula kamwedwe kanu? Kodi munayamba mwadziimbapo mlandu chifukwa cha mowa? Kodi munayamba mwamwapo m'mamawa kuti muchotse matsire kapena kuti manja akhazikike? Dzina loti CAGE linachokera ku zilembo zoyamba za mawu anayi achingerezi a m'mafunsowa, ndipo linatchuka kwambiri Ewing atalemba za iwo m'magazini ya madokotala ya JAMA m'chaka cha 1984. Munthu akavomera awiri, pamafunika kufufuza mozama.

Nzeru ya Ewing inali yakuti sanafunse kuchuluka kwa mowa, pamene anthu amanama kwambiri, koma anafunsa za nkhawa ya munthuyo. Kufooka kwake kuli pomwepo. CAGE sasiyanitsa munthu amene anasiya kumwa zaka khumi zapitazo ndi amene anamwa dzulo, ndipo amaphonya mnyamata amene amaledzera kotheratu Loweruka lililonse koma sanadziimbepo mlandu. Onaninso kuti mafunso atatu mwa anayiwo akufunsa za mumtima. Palibe mkazi, m'bale kapena mnzake amene angayankhe motsimikiza ngati munthu wina amadziimba mlandu.

M'chaka cha 1982 bungwe la WHO linapempha akatswiri kuti akonze mafunso oti azigwira ntchito m'mayiko osiyanasiyana, ndiponso oti azipeza munthu asanafike pa uchidakwa. Ntchitoyi inachitikira m'mayiko asanu ndi limodzi: Australia, Bulgaria, Kenya, Mexico, Norway ndi America. Anthu 1,888 amene anabwera kuzipatala zazing'ono anafunsidwa mafunso pafupifupi 150, ndipo mwa amenewa munasankhidwa khumi amene akutchedwa AUDIT, omwe anatuluka m'chaka cha 1989. Mapointi ake amayambira pa 0 kulekeza pa 40, ndipo kuyambira pa 8 munthu amatengedwa kuti kamwedwe kake n'koika moyo pachiswe. M'chaka cha 1998 ofufuza a ku Seattle anasonyeza kuti mafunso atatu oyamba okha, ofunsa kuti munthu amamwa kangati, amamwa wochuluka bwanji patsiku limene akumwa, ndiponso kangati pamene amafika pa miyeso isanu ndi umodzi nthawi imodzi, amagwira ntchito pafupifupi mofanana. Amenewa ndi AUDIT-C.

N'zosangalatsa kuti dziko la mu Africa linali m'gulu loyambalo. Koma AUDIT ili ndi muyeso wake, magalamu 10 a mowa weniweni, umene umawerengeka bwino mowa ukakhala wa m'botolo lolembedwa mphamvu yake. Ngakhale mayiko olemera sagwirizana pa muyesowu: ku Britain ndi magalamu 8, ku America ndi 14. Nanga kachasu, amene mphamvu yake imasiyana malinga ndi wotcheza, imasiyananso pakati pa botolo loyamba kudontha ndi lomaliza? Nanga chipanda cha masese chimene anthu asanu akupatsirana? M'chaka cha 2018 bungwe la WHO lomwelo linati pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mowa wonse umene umamwedwa padziko lapansi sulembedwa paliponse. Wofunsa kwathu kuno amakakamizika kumasulira muyeso wa pa pepala kukhala mabotolo, makapu kapena ndalama zimene munthu amasiya kwa wogulitsa.

Wina angafunse ngati mafunso olembedwa ndi ofunikadi. Dokotala wazaka zambiri pantchito samuzindikira womwa mowa pongomuona? Funsoli linayankhidwa kawiri, ndipo mayankho onse awiri ndi ochititsa manyazi. Ku chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore, Richard Moore ndi anzake anafunsa odwala ogonekedwa pafupifupi 2,000 pogwiritsa ntchito mafunso olembedwa, kenako anayang'ana ngati madokotala awo anali atazindikira. Zotsatira zinatuluka m'chaka cha 1989. M'mawodi a matenda wamba, wodwala mmodzi mwa anayi aliwonse anali ndi vuto la mowa. Madokotala a opaleshoni anali atazindikira osakwana mmodzi mwa anayi a odwala amenewa, ndipo madokotala a matenda wamba sanapitirire theka. Patatha zaka khumi, Larry Gentilello ndi anzake ku chipatala cha anthu ovulala cha Harborview ku Seattle anapeza zoipa kuposa apa. Madokotala ndi anamwino akamangoganizira, ankaphonya oposa theka la odwala amene anali ndi vuto lokhalitsa la mowa. Komanso ankaganizira molakwika anthu amene m'magazi mwawo munalibe mowa n'komwe, makamaka akakhala anyamata, osavala bwino kapena ooneka osauka. Diso la wogwira ntchito silinkaona mowa, linkaona umphawi. Sindikuona chifukwa choganizira kuti maso athu ndi osiyana. Bambo wa taye amene wabwera ndi baibulo pambali pa bedi timamudumpha, mnyamata wakabaza timamuweruza asanatsegule pakamwa. Ichi ndicho chifukwa chake mafunsowa amafunsidwa kwa aliyense.

Gulu la Gentilello lomwelo linayesanso ngati kufunsako kuli ndi phindu. Mwa ovulala 2,524 amene anafufuzidwa, 46 mwa 100 aliwonse anapezeka ndi vuto la mowa. Odwala 762 anagawidwa pawiri mwamaere: ena analandira uphungu wa mphindi pafupifupi 30 asanatuluke, ena ayi. Patatha chaka, olandira uphungu anali atachepetsa kumwa ndi miyeso pafupifupi 22 pa sabata, pomwe anzawo anachepetsa ndi 7 yokha. Kubwereranso kuchipatala atavulala kunatsikanso ndi pafupifupi theka, ngakhale chiwerengero chimenechi chimatchulidwa mopitirira mphamvu yake, chifukwa mwa masamu sichinafike potsimikizika kwenikweni.

Chodabwitsa n'chakuti madokotala ambiri a anthu ovulala ku America ankapewa dala kuyeza mowa. Chifukwa chake sichinali ulesi. M'chaka cha 1947 akuluakulu oyang'anira inshulansi anakonza lamulo lachitsanzo lolola makampani kukana kulipira chithandizo cha munthu amene wavulala ataledzera, ndipo zigawo zambiri za dzikolo zinalitengera. Dokotala akalemba mowa mu fayilo, wodwala ankatsala ndi ngongole ndipo chipatala chinkatsala chosalipidwa. Kusafunsa kunali kotchipa. Akuluakuluwo anasintha maganizo m'chaka cha 2001, ndipo m'chaka cha 2006 bungwe la madokotala a opaleshoni la American College of Surgeons linalamula kuti zipatala zikuluzikulu za anthu ovulala zizikhala ndi njira yofufuzira vuto la mowa kuti zivomerezedwe. Kwathu lamulo lotere kulibe, koma mantha ake alipo mwa mtundu wina. Achibale amaopa kuti akatchula mowa, wodwala wawo ayamba kuonedwa ngati wodzifunira yekha.

Zonsezi zikukhudza odwala amene angathe kulankhula. Zipinda za odwala mwakayakaya zili ndi mbiri yakeyake. Zinabadwa ku Copenhagen pa mliri wa poliyo wa m'chaka cha 1952, pamene Bjørn Ibsen anakonza zoti ana asukulu ya udokotala azisinthana usana ndi usiku kupopera mpweya ndi manja m'mapapo a odwala opuwala, ndipo chaka chotsatira anatsegula chipinda choyamba chotere. Kwa zaka zambiri maganizo a m'zipinda zimenezi anali pa makina, mpweya ndi kuthamanga kwa magazi. Mowa unkatengedwa ngati nkhani ya chiwindi, kapena nkhani yoti adzaione a uphungu wodwala akachira.

Amene anasintha maganizo amenewa ndi Marc Moss ndi anzake ku Denver, mzinda womwewo kumene vuto la mapapo lotchedwa ARDS linafotokozedwa koyamba m'chaka cha 1967. Pa vutoli mapapo onse awiri amatupa n'kudzaza madzi, moti mpweya umalephera kulowa m'magazi. M'chaka cha 1996 anafalitsa zotsatira za odwala mwakayakaya 351. Mwa amene anali ndi mbiri yomwa mowa mwauchidakwa, 43 mwa 100 aliwonse anagwidwa ndi ARDS, pomwe mwa enawo anali 22. Ndipo mwa amene anagwidwa ndi ARDS, 65 mwa 100 a omwa mowa anamwalira, poyerekeza ndi 36 a enawo. Madokotala akale monga William Osler ankadziwa kale kuti chibayo chimakonda zidakwa, koma apa panali ziwerengero. Kafukufuku wotsatira anasonyeza kuti mowa umachepetsa glutathione, chinthu chimene chimateteza m'kati mwa mapapo, ngakhale mwa munthu amene chiwindi chake chili bwino. Kuyambira pamenepo zinadziwika kuti mbiri ya mowa imauza dokotala zambiri kuposa za usiku wachitatu: imanena za mapapo, za mphamvu ya thupi yolimbana ndi tizilombo, ndi za kuchuluka kwa mankhwala ogonetsa amene wodwalayo adzafune.

Koma wodwala wotereyu ali ndi paipi kukhosi. Mafunso a Ewing sangayankhe, a WHO sangayankhe. Ngakhale chida choyezera kukula kwa zizindikiro za kusiya mowa, CIWA-Ar, chimene chinakonzedwa ku Toronto m'chaka cha 1989, chimadalira kufunsa wodwala ngati akumva nseru, ngati mutu ukupweteka, ngati kuwala kukumuvutitsa. Chinapangidwira malo othandizira anthu kusiya mowa, osati malo a anthu okomoka. Chitafalikira m'zipatala chinayamba kugwiritsidwa ntchito pa aliyense. Ofufuza a ku Mayo Clinic anaona mafayilo a odwala 124 amene ankalandira mankhwala motsogozedwa ndi CIWA-Ar, ndipo m'chaka cha 2008 analengeza kuti osakwana theka ndi amene anali oyenera, kutanthauza kuti anali atamwadi mowa posachedwa ndiponso ankatha kulankhula. Ena ankapatsidwa mankhwala ogonetsa chifukwa cha thukuta ndi kusakhazikika zimene gwero lake linali lina.

Njira ziwiri zinayesedwa pofuna kuzemba vuto la paipi kukhosi. Yoyamba ndi magazi. Kuyeza mowa weniweni m'magazi kumangonena za maola ochepa apitawo, chifukwa thupi limauchotsa msanga. Munthu amene wadwala masiku awiri kunyumba asanabwere amapezeka alibe kalikonse. Zizindikiro zakale monga GGT ya chiwindi ndi kukula kwa maselo ofiira a magazi zimasokonezedwa ndi matenda ena ambiri, ndi mankhwala omwe, moti kwa wodwala mwakayakaya sizinena zambiri. Chiyembekezo chachikulu chili pa PEth, chinthu chimene akatswiri a ku Sweden anachitulukira m'chaka cha 1983. Chimapangika pa khungu la maselo ofiira a magazi pokhapokha mowa ukakhalapo, ndipo chimakhalabe kwa milungu iwiri mpaka inayi munthu atasiya. Ku Mbarara m'dziko la Uganda, ofufuza anachiyeza mwa anthu amene ali ndi HIV ndipo anapeza kuti ochuluka ndithu amene magazi awo anasonyeza mowa anali atanena kuti samwa. Vuto lake ndi lakuti chimafuna makina okwera mtengo, zotsatira zimatenga masiku, ndipo wodwala amene waikidwa magazi ambiri akhoza kusokoneza muyeso. Yankho lofika tsiku lachisanu silithandiza usiku wachitatu.

Njira yachiwiri ndi yakale ngati chipatala chenichenicho: kufunsa wachibale. Ku Harborview komwe kuja, Dennis Donovan ndi anzake anafunsa mafunso a AUDIT kwa odwala ovulala, n'kufunsanso achibale kapena anzawo padera. Zotsatira za m'chaka cha 2004 zinasonyeza kuti mayankho a mbali ziwirizi ankagwirizana mokwanira kuti wachibale angathe kuimira wodwala amene sangalankhule. 

Pali chifukwa china chofunsira msanga, chimene chilibe phokoso ngati delirium tremens. Carl Wernicke anafotokoza m'chaka cha 1881 matenda a ubongo amene lero tikudziwa kuti amabwera chifukwa chosowa thiamine, vitamini B1. Mabuku amaphunzitsa zizindikiro zitatu: kusokonezeka mutu, kudzandira ndi vuto la kayendedwe ka maso. Clive Harper ku Perth m'dziko la Australia anapima ubongo wa anthu 131 amene anamwalira ndi matendawa, ndipo m'chaka cha 1986 analemba kuti 80 mwa 100 aliwonse sanazindikiridwe ali moyo, ndiponso kuti 16 okha mwa 100 ndi amene anali ndi zizindikiro zitatu zonsezo. Wodwala amene wagona chigonere sangaonetse kudzandira. Chimene chingachititse wogwira ntchito kuganiza za thiamine, makamaka pamene akuika diripi ya shuga, ndi mbiri ya mowa ndi ya kusadya basi.

Mbiri yonseyi inalembedwa m'zipatala za ku Ulaya, America ndi Australia, koma pa mfundo ya wachibale ife tili ndi mwayi umene iwo alibe. Ku Seattle amachita kusaka munthu womudziwa wodwala. M'zipatala zathu wodwazika matenda amagona pansi pambali pa bedi kapena pakhonde, ndipo ndi amene amaphika phala, kuchapa ndi kutembenuza wodwala. Komanso odwala mwakayakaya athu ambiri sali m'zipinda zapadera za ku Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu. Kafukufuku wa m'zipatala 180 za m'mayiko 22 a mu Africa, amene anatuluka m'chaka cha 2025, anapeza kuti wodwala mmodzi mwa asanu ndi atatu aliwonse ogonekedwa anali mwakayakaya, ndipo pafupifupi 7 mwa 10 a iwo anali m'mawodi wamba. Funso la mowa tsono si la akatswiri a makina okha. Ndi la namwino wolandira odwala, la dokotala wa pachipatala cha boma laling'ono, ndiponso la mlangizi wa zaumoyo kapena wodzipereka wa m'mudzi amene waperekeza wodwala ndipo amadziwa pamene amakhala madzulo.

Wodwazika nayenso ali ndi zomutsekera pakamwa. Mayi sanganene za kachasu wa amuna ake apongozi ali pomwepo, kapena amayi a mvano atazungulira bedi. Mwana wamkulu amene wachokera ku tauni mwina sadziwa n'komwe. Ndipo funso loti "Kodi bambowa ndi chidakwa?" yankho lake ndi ayi nthawi zonse. Zimene Ewing anaphunzira pa wodwala zimagwiranso pa wachibale: amayankha zoona akamva kuti funsoli likufunsidwa kwa aliyense, likufunsidwa pambali, ndipo cholinga chake ndi kusankha mankhwala. Mafunso atatu a AUDIT-C ndi amene wachibale angathe kuyankha, chifukwa amafunsa zooneka ndi maso. Kuwonjezera apo, ndi bwino kudziwa ngati wodwalayo amanjenjemera m'mawa asanamwe, ndiponso ngati anagwapo kapena kubwebwetapo nthawi ina atasiya, pakuti amene zinamuchitikirapo ndi amene zimamubwerera.

Yankho loti inde silitseka kufufuza. Womwa mowa amadwalanso malungo aakulu ndi matenda oumitsa khosi, shuga wake amatsika msanga, ndipo akagwa amatha kukha magazi m'mutu mwakachetechete. Cholakwa cha ku Mayo chinali chimenechi, kuona mowa pamene panali china. Kubwebweta kumene kwayamba patatha sabata wodwala ali m'chipatala n'kokayikitsa kuti gwero lake ndi mowa, ndipo chimene chimathandiza kusiyanitsa ndi funso limodzi limene mulibe mu CAGE, mulibenso mu AUDIT, koma limachokera kwa Victor ndi Adams: anamwa liti komaliza? Tsiku ndi ola lake zilembedwe pamwamba pa fayilo, pamene wogwira ntchito ya usiku angazione. Ngati bambo wa njinga yamoto uja anamwa komaliza Loweruka 9 koloko usiku, ngozi yogwa ngati wakhunyu ili pakati pa Lamulungu ndi Lolemba, ndipo maola 48 mpaka 96 a delirium tremens akuyamba Lolemba 9 koloko usiku kulekeza Lachitatu usiku.